Mmene mungayezere boost ndi presha ya mafuta pa injini ya supercharger

Galimoto ya supercharger ikayamba kufooka pa chitunda, ambiri amathamangira kukagula mapulagi. Mapulagi akapanda kuthandiza amasintha ma coil, kenako pampu, mapeto ake mumamva akuti supercharger yatha, tiitanitse ina ku Johannesburg. Ndalama zonsezi zimatuluka munthu asanaike geji ngakhale imodzi pa injini, chonsecho kuyeza sikutenga theka la tsiku, ndipo kumakulozerani kumene kuli vuto, kaya ndi ku mpweya kaya ndi ku mafuta.

Ndikunena magalimoto ngati Mercedes-Benz C180 ndi C200 Kompressor, amene anabwera ambiri kuno kuchokera ku Japan ndi ku UK, komanso Mini Cooper S ya pakati pa 2002 ndi 2006. Onsewa ali ndi supercharger, chopopera mpweya cha kampani ya Eaton chimene chimazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku crankshaft, osati ndi utsi ngati turbo. Mpweya umene chimakankhira mu injini, kuposa umene injini ikanakoka payokha, ndi umene timati boost. Mpweya ukachuluka mafuta nawo ayenera kuchuluka, apo ayi injini imatentha m'kati mpaka kusungunula pisitoni. N'chifukwa chake manambala awiriwa, boost ndi presha ya mafuta, amawerengedwa limodzi, nthawi imodzi, galimoto ikukoka. Ili pagalaja boneti ili yasaa, injini imeneyi imanama.

Yambani mwadziwa injini yanu

Musanagwire sipanala, onani zilembo za injini. Mukaona CGI pa Mercedes, TSI pa Volkswagen kapena DIG-S pa Nissan Note ya 1.2 imene inayamba kutuluka mu 2012, dziwani kuti mafuta amafayiridwa m'kati mwenimweni mwa silinda. Paipi yachitsulo yopita ku ma injector, tizipangizo tothira mafuta, a injini zimenezi imafika presha ya 100 bar ndi kupitirira. Geji wamba ingaphulike, ndipo mafuta a mphamvu yotere amaboola khungu. Pa injini zoterezi musamasule kanthu ku mbali yachitsuloyo. Presha yake muiwerenge pa kompyuta yoyezera galimoto basi. Zoyeza boost zili m'munsimu zikukukhudzani ndithu, koma zolumikiza geji ya mafuta ndi za injini zimene ma injector ake amathira mafuta mu manifold, paipi yogawira mpweya ku masilinda.

Chachiwiri, werengani mapaipi a mafuta ofika pa chitsulo chimene pamakhala ma injector, chimene amakaniko amati rail. Ngati alipo awiri, ndipo kumapeto kwa rail kuli kachitini kozungulira kokhala ndi kapaipi kakang'ono ka mpweya, imeneyo ndi regulator, yosunga presha ya mafuta pa muyezo wake, ndipo mafuta otsala amabwerera ku thanki. Kompressor zakale za m'ma 1990 zili chonchi. Ngati paipi ndi imodzi yokha, regulator ili kutali, mu thanki kapena m'kati mwa fyuluta ya mafuta, ngati mmene zilili pa injini ya Mercedes ya M271 imene inayamba mu 2002. Musaiwale mtundu umene mwapeza, chifukwa muvi wa geji umayenda mosiyana pa mitundu iwiriyi, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa.

Zida

Mufunika geji ya boost yowerenga mbali zonse ziwiri, pansi pa 0 ndi pamwamba, yofika mwina 1.5 bar, pamodzi ndi kapaipi ka mpweya ka mamita awiri ndi kolumikizira ka mphanda zitatu. Mufunikanso geji ya mafuta yofika 7 bar ndi paipi yake, tizomangira mapaipi tachitsulo, sanza zingapo, tepi yolimba, chozimitsira moto, ndi munthu wachiwiri wokhala ndi foni. Paipi ya mafuta ikhale yolembedwa kuti ndi ya injini za ma injector, monga ya SAE J30R9. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo paipi yakale ya kabureta imauma n'kung'aluka.

Ngati muli ndi kachipangizo ka ELM327 kolumikiza foni ndi OBD, soketi yolumikizirapo kompyuta yoyezera galimoto, kadzathandiza pa boost. Pa mafuta sikangathandize, poti injini zambiri za mtundu uwu zilibe sensa ya presha ya mafuta.

Mageji ena amalemba psi, ena bar, makompyuta amalemba kPa. Ingosungani ichi: 1 bar ndi 100 kPa, ndiponso ndi 14.5 psi.

Kulumikiza geji ya boost

Injini ikhale yozizira. Funani kapaipi kakang'ono kochokera pa manifold penipeni, pamalo amene mpweya wadutsa kale zonse ziwiri, supercharger ndi throttle, kachitseko ka mpweya kamene kamatseguka mukaponda moto. Apa m'pofunika kuyang'anitsitsa. Pa Mini, throttle ili kutsogolo kwa supercharger, ndiye mukalumikiza pakati pa ziwirizi geji idzangoonetsa kukoka, boost osaiona mpang'ono pomwe, inu n'kumati supercharger yafa. Pa Kompressor throttle ili pambuyo pa supercharger. Pa zonse ziwiri manifold ndiye malo oyenera. Ngati regulator yanu ili pa rail, kapaipi kake ndi kabwino kwambiri, chifukwa mudzakhala mukuona zomwezo zimene regulator ikumva.

Paipi yaikulu yopita ku mabuleki isiyeni. Ili ndi kavalavu kolola mpweya kupita mbali imodzi, ndipo mukalakwitsa mudzazindikirira pa mseu buleki italimba ngati mwala.

Dulani kapaipi kaja, ikanipo ka mphanda zitatu, mumange mbali zonse. Osangolowetsa n'kusiya: pokoka kapaipi kamadzigwira kokha, koma boost ikabwera kamafwamphuka. Kapaipi ka geji mukadutsitse kumbuyo kwa boneti n'kulowa pa windo, kutali ndi lamba ndi paipi ya utsi, ndipo muonetsetse kuti boneti sinakapane. Geji imeneyi ikhoza kukhala m'galimoto, muli mpweya wokhawokha.

Kulumikiza geji ya mafuta

Mu rail mumakhala presha ngakhale galimoto itagona usiku wonse. Zulani fyuzi kapena relay ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, muyesenso kuliza kawiri, kenako chotsani kiyi. Wosuta fodya apite kutali, ndipo ngati pafupi pali mbaula ya ophika tchipisi kapena wina akuwotcherera zitsulo, sunthani galimoto.

Magalimoto ambiri a ku Ulaya ali ndi kavalavu pa rail kofanana ndi ka tayala, kotsekedwa ndi kachivindikiro. Kulungani sanza pansi pake, mangani geji, basi. A ku Japan kawirikawiri alibe, ndiye mumamasula paipi yobweretsa mafuta n'kuikapo cha mphanda zitatu pakati pa fyuluta ndi rail. Pa injini ya mapaipi awiri samalani kuti musalumikize pa yobwerera ku thanki, mudzawerenga pafupifupi 0.

Geji ya mafuta isalowe m'galimoto. Ndikubwereza: paipi yonyamula petulo pa 4 bar siidutsa pa windo kubwera pa miyendo ya munthu. Itulutseni kumbuyo kwa boneti, muimate ndi tepi kunja kwa galasi lakutsogolo, nkhope yake itayang'ana m'kati, kumbali ya wokwera. Amene ali ndi geji yamagetsi, imene sensa imatsala ku injini n'kungobwera waya, ali pabwino.

Bwezerani fyuzi. Tembenuzani kiyi osaliza injini, mumve pampu ikulira masekondi awiri kapena atatu. Chitani zimenezi katatu, kenako pitani ndi chala pa malo onse amene mwamanga. Pakangonyowa, mangani kaye.

Zimene mungaone galimoto itaima

Kiyi ali pa ON injini isanalire, geji ya boost ikhale pa 0. Ngati mukuwerenga pa foni, sensa ya MAP, yoyeza presha ya mpweya mu manifold, idzakupatsani nambala ina, chifukwa iyo imawerenga kulemera konse kwa mpweya. M'mphepete mwa nyanja ya mchere, ngati ku Beira kapena ku Durban, ndi 101 kPa. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndiye mudzaona pafupifupi 90. Ku Dedza idzatsikirapo, ku Chikwawa ndi ku Nsanje idzayandikira 100. Lembani nambala imeneyi. Boost yanu ndi imene mudzaone pa mseu kuchotsera iyi: foni ikaonetsa 140 muli ku Lilongwe, boost ndi 50 kPa, kapena kuti 0.5 bar, osati 0.4.

Lizani injini, itenthe. Ikulira yokha osaponda moto, muvi wa boost utsike pansi pa 0 n'kukhazikika, kuno kumtunda pakati pa -0.5 ndi -0.6 bar. Ukakhala chakufupi ndi 0, ngati pa -0.3, penapake pakuba mpweya kapena taimingi yasuntha. Ukamanjenjemera mofulumira, kayang'aneni mapulagi ndi mavalavu musanapite kulikonse.

Tsopano geji ya mafuta. Pa injini ya paipi imodzi muvi uime malo amodzi. Pa Mercedes za nthawi ya M271 umakhala pafupifupi 3.8 bar. Pa ya mapaipi awiri, zulani kapaipi ka mpweya pa regulator n'kukatseka ndi chala. Muvi ukwere ndi theka la bar kapena kupitirira pang'ono. Nambala imene mwaiona kapaipi katazulidwa ndiyo maziko anu, pa magalimoto ambiri 3 bar kapena kuposerapo malinga ndi buku la galimotoyo. Nunkhizani kapaipiko. Mukamva petulo kapena mukaona dontho, kachikopa ka m'kati mwa regulator kang'ambika, ndipo musapitirize mpaka mutasintha.

Zimitsani injini muyang'ane muvi kwa mphindi 10. Uzitsika pang'onopang'ono kwambiri. Ukagwa msanga, ndiye kuti injector ina ikudontha, kapena kavalavu ka pa pampu sikakugwira, kapena regulator ikutaya. Galimoto yotere ndi ija imavuta kulira ikaima pang'ono itatentha.

Chinthu chimodzi musachite: kuponda moto galimoto ili pa nyutirolo n'kumayembekeza boost. Supercharger ili ndi kachitseko kotchedwa bypass kamene kamabweza mpweya injini ikakhala kuti siikukoka katundu. Kompressor zina zakale ndiponso Note zili ndi kilatchi yamagetsi pa pulley, imene imaisiya supercharger osazungulira n'komwe. Muvi ungolumpha kufika pa 0 n'kubwerera. Ndaonapo anthu akumasula supercharger yabwinobwino chifukwa cha zimenezi.

Pa mseu

Sankhani mseu wowongoka, wokwera pang'ono, kutali ndi misika, masukulu ndi a kabaza, m'mawa kusanatenthe. Thanki ikhale ndi mafuta opitirira theka kuti pampu isamwe mpweya pa chitunda. Woyendetsa maso ake pa mseu basi. Mnzanu akhale kumanzere ndi foni, ajambule kanema woonetsa mageji awiri onse, ndipo azitchula mokweza liwiro la injini kuti lidzamveke mu kanemayo. Kuwerenga ndi maso kumanyenga, zinthu zimachitika m'masekondi anayi.

Ikani giya yachitatu, kapena yachiwiri ngati mseu ndi waufupi. Pa otomatiki isunthireni ku mbali yosankha nokha magiya kuti isadzitsitse. Yambani pa 2,000 rpm, pondani moto mpaka pansi, musiye pa 4,500 kapena 5,000. Ulendo woyamba musafike pamwamba, thirani theka muone kaye kuti muvi wa mafuta ukutani.

Pa supercharger ya Eaton boost imabwera nthawi yomweyo mukangoponda, siichedwa ngati ya turbo, ndipo imakhazikika kapena kukwera pang'ono injini ikamathamanga. Magalimoto ambiri osasinthidwa kanthu amapereka pakati pa 0.4 ndi 0.8 bar. Koma nambala ya m'buku inayezedwa kufupi ndi nyanja. Supercharger imachulukitsa mpweya umene yaupeza: ikamachulukitsa ndi 1.5, ku Durban ikweza 101 kufika 152, boost 0.5 bar, pamene ku Lilongwe ikweza 90 kufika 135, boost 0.45. Kuperewera kwa gawo limodzi mwa magawo 10 kuno si matenda.

Muvi wa mafuta ndiye wofunika kuuyang'ana ngati mwana wodwala. Pa injini ya mapaipi awiri ukwere limodzi ndi boost, muyezo wofanana: maziko 3.0 ndi boost 0.5, geji ionetse 3.5. Chifukwa chake n'chakuti injector imathira mafuta m'malo amene muli kale mpweya wokankha, ndiye mphamvu yeniyeni yotulutsa mafuta ndi kusiyana kwa manambala awiriwa. Pa injini ya paipi imodzi muvi sukwera, kompyuta ya galimoto ndi imene imatalikitsa nthawi yotsegula ma injector, koma usatsike. Pa mtundu uliwonse, muvi ukayamba kugwa injini ikukwera, chotsani phazi pomwepo. Kusiyana kuja kukatsika kuchoka pa 3.0 kufika pa 2.4, mafuta olowa amachepa ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse, ndipo izi zikuchitika pa nthawi imene silinda yadzaza mpweya wotentha. Mukamva kaphokoso ngati timiyala tikugubuduka m'chitini, injini ikugogoda, lekani.

Ndinalandirapo C200 Kompressor imene mwini wake anali atasintha kale mapulagi kawiri. Pagalaja geji inaima pa 3.8 osagwedezeka, bamboyo n'kuti, "Mwaonatu amakaniko, mafuta ali bwinobwino, vuto ndi chi supercharger chimenechi." Ndinati, "Bwana, tiyeni tikakwere nayo chitunda kaye." Titafika pa 4,000 rpm boost inali pa malo ake, koma muvi wa mafuta unayamba kutsetsereka, 3.5, 3.2, mpaka pansi pa 3, galimoto n'kuyamba kukoka modukiza. Titatsegula thanki, kasefa ka pansi pa pampu kanali katamatidwa ndi zinyalala zofiira ngati dothi la katondo. Bamboyo anavomera kuti nthawi imene mafuta ankasowa ankathira a m'zigubu. Injini ikulira yokha imamwa pang'ono, kasefa kotsekeka kamakwanitsa; chitunda ndi chimene chinaulula.

Bwerezani ulendowu katatu pa malo omwewo. Wachitatu boost ikhoza kufanana ndi woyamba koma mphamvu n'kuchepa, chifukwa intercooler, choziziritsira mpweya wochokera ku supercharger, yatentha.

Kumasulira zimene mwaona

Boost ikakhala yochepa kuyambira pansi mpaka pamwamba, mafuta ali bwino, yambirani pa zotsika mtengo. Fyuluta ya mpweya m'fumbi la mwezi wa Okutobala imatsekeka msanga. Kenako mapaipi onse ochoka ku supercharger kudutsa intercooler: pamene pakutayika mpweya pamakhala kachinyezi ka oilo kogwira fumbi, ndipo nthawi zambiri mng'alu umabisala kunsi kwa paipi, umatseguka pokhapokha boost ikakankha. Pambuyo pake bypass. Ngati ndi yoyendera mpweya, kankhani kamkono kake ndi dzanja muone ngati kakubwerera mpaka kutseka. Ngati ndi yamagetsi ngati pa M271, kompyuta yoyezera ndi imene ingakuuzeni.

Boost ikayamba bwino n'kumagwa kapena kumavinavina injini ikafika pamwamba, ganizirani lamba. Yang'anani fumbi lakuda ngati makala osinja pafupi ndi pulley ya supercharger, ndi lamba wonyezimira m'mizere yake. Kawirikawiri wolakwa si lamba yekha koma chomukokera chimene chafooka, kapena oilo amene akudonthera pa iye. Supercharger yeniyeniyo muikayikire pomaliza, zonsezi zitapezeka zili bwino.

Palinso zodabwitsa: boost yokwera kuposa ya m'buku koma galimoto yofooka. Ena amasangalala akaona nambala yaikulu. Supercharger imakankha mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse, ndiye utsi ukamalephera kutuluka mpweya umaunjikana mu manifold, geji n'kukwera. Kayang'aneni catalytic converter, choyeretsera utsi cha pa paipi ya utsi, mwina yatsekeka kapena yasweka m'kati. Ngati galimoto munaigula kwa wina, yezaninso pulley. Anthu amaikapo yaing'ono kuti boost ikwere, koma osaonjezera mafuta.

Ku mbali ya mafuta, presha yabwino poima koma yogwa pa chitunda imaloza zinthu zitatu: fyuluta, kasefa ka mu thanki, kapena pampu yotopa. Musanagule pampu yezani magetsi amene akufika pa mawaya ake injini ikulira. Akhale pafupi ndi a pa batire. Akaperewera ndi kuposa theka la volt, vuto ndi relay, waya kapena dzimbiri pamene waya wa earth wagwira chitsulo cha galimoto, ndipo pampu yatsopano idzachitanso chimodzimodzi. Pa injini ya mapaipi awiri, muvi ukakhala phee osakwera boost ikubwera, komanso osagwa, pampu ilibe mlandu: kapaipi ka regulator kang'aluka kapena kalumikizidwa pamalo osafika boost. Presha yokwera kwambiri nthawi zonse, utsi wakuda ndi mapulagi a mwaye, ndi regulator yokakamira kapena paipi yobwerera imene yapanika.

Mukakonza chimene mwapeza, bwererani pa chitunda chomwecho, giya yomweyo, mageji akadali pomwepo, mufanizire makanema awiriwo. Pochotsa geji ya mafuta dikirani injini izizire, mutulutsenso presha pozula fyuzi ngati poyamba paja. Kapaipi ka mpweya kamene munadula musakalumikize ndi tepi, ikani katsopano kathunthu. Bwezerani kachivindikiro pa kavalavu ka rail, tembenuzani kiyi katatu, mupitenso ndi chala pamalo onse amene munamasula musanatseke boneti.